Bulauzi Yokana Kuchoka

Amayi a bwenzi lake la Nadigiri analowa mu shopu yosindikiza yomwe mtsikanayu ankagwiramo ntchito cha m'ma teni m'mawa, atavala yunifolomu ya kwaya, envulopu ili pachifuwa ngati muli zotsatira za kuchipatala.

"A Nadigiri mulipo?"

Dzinali anamupatsa ndi iwo omwe, tsiku limene mwana wawo anapita naye kwawo kukamuonetsa. Anamufunsa chimene anakhalira ku yunivesite zaka zinayi, iye n'kuyankha kuti ankaphunzira zokonza zithunzi pa kompyuta. "Oho, palinso digiri yake," anatero. Kuyambira pamenepo, miyezi isanu ndi iwiri tsopano, mnyamatayo akangotchula za ukwati, amayi ake ankayamba kufunafuna magalasi awo.

Mu envulopumo munali chithunzi cha kwaya ya amayi, imene iwo anali wapampando wake. Amayi khumi ndi awiri, mabulauzi oyera, masiketi akuda, ataima kutsogolo kwa khoma loyera. Kwayayo inali kukwanitsa zaka makumi awiri ndipo pankafunika positala.

"Khomali lichoke. Kumbuyoku muikeko thambo la buluu, ndi timitambo pang'ono. Akuti zimatheka. Kaya kwa inu."

"Zitheka, Amayi. Mpando uwu."

Sanakhale. Anaima kumbuyo kwake, chikwama chili pamkono, mpweya wawo ukumuwomba m'khosi. Pakona, mwini shopu ankadula makhadi ndi chimpeni chake chija cholira ngati chitseko.

Nadigiri anaika chithunzicho pa sikana, chinatulukira pa sikirini. Akanangogwira ntchito chete bwenzi zitayenda. Koma anthu opita kusukulu ali ndi nthenda yofotokoza.

"Mukuona kachida aka, Amayi? Ndikadina nako pakhomapa, kamasankha chilichonse choyera ngati khomali. Ndikafufuta pamatsala timabokosi totuwa, ngati bolodi ya dirafti. Timabokosito ndiye kuti palibe kanthu, pakuonekera kuseri. Thambo lija ndiliika kuseriko."

"Chilichonse choyera?"

"Inde. Kungoti kompyuta sidziwa khoma, sidziwa bulauzi. Imangodziwa kuyera. Ndiye mabulauzi akhoza kupita limodzi ndi khoma, koma ndiwabwezeretsa."

Amayiwo anaseka, kuseka kwawo koyamba pamaso pake.

"Ndiye woyamba kusowa ndine. Koma uyu," chikhadabo chawo chinagunda sikirini pankhope ya mayi wamagalasi, "mlembi wathuyu atsala ndithu. Bulauzi yake ngati amakolopera. Zaka makumi awiri ndikuwaphunzitsa kuchapa azimayiwa, m'mutu mwawo simulowa. Abambo inu, tabwerani mudzaone. Dinani, a Nadigiri."

Mwini shopu anasiya makhadi ake n'kusendera. Nadigiri anadina pakhoma, kenaka anafufuta.

Khoma linapita. Mabulauzi khumi ndi imodzi anapita nalo, mitu n'kutsala ikuyandama pamwamba pa masiketi akuda, manja ali paokha atagwira mabuku a nyimbo. Pa mlembi panatsala mutu, magalasi ndi kumwetulira. Pakati penipeni pa mzere wakutsogolo panatsala bulauzi imodzi, yathunthu, mabatani ake onse, kolala ili chiimire. Pakati pa timabokosi totuwa tija unkaoneka bwinobwino mtundu wake: ngati dzino la munthu wokonda tiyi.

Amayiwo analoza bulauzi yawoyo.

"Imeneyi yatsaliranji?"

Yankho Nadigiri analidziwa. Linalinso lolembedwa pakona pa sikirini, m'manambala atatu osonyeza mtundu, ndipo manambalawo analibe apongozi oti awaope. Nadigiri anaganiza za miyezi isanu ndi iwiri ija, ndi za mnyamata wake amene pa zonse ndi wolimba mtima kupatula pamaso pa amayi ake.

"Sinamalize, Amayi. Kompyutayi ndi yakale, imachedwa."

Pamwamba pa sikirini pali kabokosi ka nambala youza kachida kaja kuti kakhwimitse bwanji posankha choyera. Nambala ikakhala yaing'ono kamasankha choyera chenicheni chokha, ikakula kamangokokolola. Dzanja lake linakwera mwakachetechete, 15 inasanduka 70. Anabweza chithunzi mwakale, anadinanso, anafufutanso. Ulendo uno bulauzi ija inapita. Inapita pamodzi ndi mano a kwaya yonse, maso oyera, ndi imvi za amayi awiri a kumbuyo.

"Si imeneyo, yapita."

"Nanga yangayo inachedweranji?"

"Nsalu yanu ndi yokhuthala, Amayi. Yapamwamba. Kompyuta imavutika nayo."

Mwini shopu anatsokomola, anatsokomolanso, kenaka anatuluka panja kukayang'ana msewu.

Amayiwo anatambasula dzanja, anasolola pepala limodzi losalemba mu pulinta, n'kuligundanitsa ndi mkono wa bulauzi imene anavala. Anayang'ana pepala, anayang'ana mkono. Nadigiri anapeza chochita pa kiyibodi.

"Mapepala a masiku ano," anatero amayiwo pomaliza, akubwezera pepala lija, "amachita kuwathira mankhwala."

"Zoona, Amayi. Amaonjeza."

Apa ndi pamene anakoka mpando n'kukhala.

Ntchito yeniyeni inatenga maola awiri. Nadigiri anayambiranso pa chithunzi choyamba, n'kumazungulira mayi aliyense ndi mausi, kadontho ndi kadontho, phewa, chigongono, mpata wa pakati pa mkono ndi chiuno, kuti khoma lichoke koma anthu atsale ovala. Apa panalibe kachida kothandiza, koma maso ndi msana. Amayiwo anaonerera zonse. Thambo litalowa kuseri, kwaya inaoneka ngati yafika kale kumene imaimbira kuti idzapita.

Kenaka Nadigiri anasankha bulauzi ya pakati ija yokha n'kuiwalitsa pang'ono, akuyesa kuti sakuonedwa.

"Onjezani," anatero amayiwo, maso ali pa sikirini.

Anaonjeza.

"Pang'ononso. Basi. Ya mlembiyo isiyeni mmene ililimo."

Positala itatuluka mu pulinta amayiwo anaigwira m'mbali ndi nsonga za zala, anaiyang'ana nthawi yaitali, ndipo sanapezepo choti anene, chimene kwa iwo chinali chiyamiko. Anaipinda mozungulira, anafika pakhomo, n'kutembenuka.

"Loweruka likudzali uwauze makolo ako abwere kunyumba, tidziwane. Usachedwe nawo."

Nadigiri anaimirira, osadziwa poika manja. "Zikomo, Amayi. Ndiwauza."

"Usandithokoze. Mwana wangayo ndi wabwino, koma kunama sadziwa. M'nyumba mumafunika mmodzi wodziwa." Anakonza chikwama pamkono. "Komanso zachitika munozi, kompyuta yakoyo isauze munthu."

"Silankhula, Amayi."

Atapita, mwini shopu anabwerera akupukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja, n'kufunsa ngati angaonenso kamodzi kokha. Nadigiri anakana, nati anafufuta kale. Anadikira mpaka chimpeni chija chinayambanso kulira, ndipo anatsegula chithunzi choyamba, anabwezera nambala pa 15, anadina, anafufuta. Bulauzi ija inatsalanso yokha pakati pa timabokosi. Anasunga chithunzicho mu foda yakeyake, yokhala ndi pasiwedi. Ukwati ndi ulendo wautali.