Mutu Womaliza wa Buku la Mayi Norah

Pamene Mwaiwawo ankayamba ntchito yosamalira Mayi Norah ku Rathmines, mumzinda wa Dublin, ankangowaona ngati nkhalamba yowonda yokana phala lozizira, yolankhula Chingerezi cha ku Scotland chovuta kumva. Tsiku lina akupukuta fumbi pa shelefu anaona dzina lawo pa mabuku asanu ndi anayi.

"Onsewa munalemba ndinu, mayi?"

"Ndine. Abwino ndi awiri okha," anayankha Mayi Norah.

Maso awo anali atafooka, choncho masana alionse akamwa mankhwala, Mwaiwawo ankawawerengera. Ankakonda kumudula pakati n'kuyamba kukamba za moyo wawo: kuti anabadwira pa kachilumba ka asodzi kumpoto kwa Scotland, kuti buku loyamba analilemba akugwira ntchito ku positi ofesi, kuti ku Dublin anabwera potsatira mwamuna amene anawasiya kalekale.

Lachinayi lina anafika pa mutu womaliza wa buku loyambalo, pamene msodzi wotchedwa Walter akukwera boti kunja kukuwomba chimphepo.

"Ima kaye, mwananga," anatero Mayi Norah. "Walter anali mlongo wanga weniweni, dzina sindinasinthe n'komwe. Anamira m'nyanja ine ndili mtsikana, ndiye ndinakamumizanso m'buku. Amayi atawerenga anatha chaka osandilankhula."

Mwaiwawo anatsitsa bukulo pamiyendo. Nayenso mlongo wake anaikidwa ku Ntcheu iye ali kuno, mapepala ake okhalira m'dziko lino asanatuluke. Maliro anawaonera pa foni.

"Mukanakonda zithe bwanji, mayi?"

"Pensulo uli nayo?" anafunsa Mayi Norah.

Anagwira ntchitoyo masabata awiri, iwo akunena, Mwaiwawo akulemba pa masamba opanda kanthu a kumapeto kwa bukulo. Sanali ofewa. Liwu limodzi ankalifufutitsa kanayi mpaka pepala kutsala pang'ono kubooka. M'nkhani yatsopanoyo boti linabwerera. Walter analowa m'nyumba ndi nsapato zonyowa, amayi ake n'kumukalipira chifukwa choponda pokolopakolopa, iye n'kudandaula kuti m'nsomba mchere wachepa.

Tsiku lomaliza, Mwaiwawo atavala kale jekete kuti akapeze sitima ya ku Balbriggan komwe ankakhala, Mayi Norah anamugwira dzanja.

"Unandiuza kuti nawenso unataya mlongo. Dzina lake anali ndani?"

"Greenwell."

"Muike padoko. Agwire chingwe pamene boti likufika."

Mwaiwawo anaseka, misozi ili m'maso. "Ameneyo za m'madzi sankazidziwa, mayi. Anali telala, ankasoka pakhonde la golosale."

"Ndiye akhale pamenepo akusoka thanga la boti lomwe lang'ambika. Matelala pachilumba pathu ankasowa kwambiri."

Anavula jekete n'kukhalanso pansi. Analemba pang'onopang'ono, ndipo anawonjeza yekha kuti Greenwell ankaimba mluzu akamasoka, singano ina ataibaya pa kolala. Atawawerengera, Mayi Norah anagwedeza mutu.

"Za singanozo usafufute," anatero. "Ine sindikanaziganiza."