Abusa ndi Kusala Kudya kwa Makoswe

Pa labotale yonse panalibe wowatchula dzina lawo. Ankangoti Abusa, chifukwa kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri adaweta makoswe oyera a m'chipinda cha kumapeto kwa khonde, kuwapatsa chakudya, kuwasinthira utuchi ndi kuwayeza pa sikelo. Ntchitoyi ankaigwira mwaulemu, monga ntchito iliyonse iyenera kugwiridwira.

Mwezi wina fakitale ina idatumiza botolo la mankhwala atsopano otsukira zitsulo. Inkafuna kudziwa kuopsa kwake munthu atawameza mwangozi, pakuti yankho lake ndilo limalamula chizindikiro choikidwa pa mgolo. Lamulo la kuyesa kotere ndi lomveka. Makoswe atatu asale kudya usiku wonse, amwe madzi okha. M'mawa ayezedwe, amwetsedwe mankhwalawo kamodzi kudzera m'kapaipi molingana ndi kulemera kwawo, kenaka ayang'aniridwe masiku khumi ndi anayi. Amawasalitsa chifukwa chakudya cha m'mimba chimachedwetsa poizoni kulowa m'magazi.

Lamuloli Abusa ankalidziwa bwino. Koma madzulo a tsiku losala, akukonzeka kuweruka, kakhoswe kena kong'ambika khutu kadaimirira ndi miyendo iwiri n'kumanunkhiza chala chawo. Mtima udawafewera. Adatapa chakudya dzanja limodzi, nathira m'khola, nati mumtima, ndani adzadziwe? Akuluakulu sadaname kuti chifundo chidaphetsa nkhwali.

Kutacha m'kholamo munalibe ndi nyenyeswa yomwe. Makoswe adamwetsedwa. Adafooka masiku awiri, ubweya uli nyankhalala, koma tsiku lachitatu adayambanso kuthamangathamanga. Pa tsiku lakhumi ndi chinayi onse atatu anali amoyo, onenepa kuposa kale.

"Abusa, nkhosa zanu ndi zolimba," adatero a Dokotala, mayi woyang'anira kuyesako, akuwerenga buku la sikelo. "Mawa ndisaina lipoti. Mankhwala awa ndi ofatsa, chizindikiro cha chigaza sichifunika pa mgolo."

M'mawa mwake Abusa adakhala pakhomo pa nyumba yawo ndi burashi m'manja, tiyi akuzizira pambali.

"Bambo, nsapato imeneyo mwaipolisha katatu," adatero akazi awo. "Inzakeyo yalakwa chiyani?"

Adaulula zonse, maso ali pansi.

"Ndiye kuti inu mudyetse makoswe, ana a eni akagwire poizoni ndi manja osavala kanthu?"

"Akandichotsa ntchito, mayi. Zangotsala zaka ziwiri kuti ndipume."

"Akakuchotseni! Ine ndinakwatiwa ndi mmphawi, sindinakwatiwe ndi wabodza. Valani nsapato zonse ziwiri, yowala ndi yosawalayo, muzipita."

Atafika ku labotale adawapeza a Dokotala atakhala kale pa tebulo, lipoti lili patsogolo pawo, cholembera chili chotsekula. Abusa adavula chipewa, naima chilili.

"A Dokotala, musasaine. Makoswe aja sanasale. Ndinawadyetsa ine."

Mayiwo adaika cholembera pansi pang'onopang'ono.

"Inuyo, Abusa? Kuswetsa nkhosa zanu zomwe kusala?"

"Ineyo, mayi. Palibenso wina."

"Masabata awiri alowa m'madzi. A kufakitale andiimbira kasanu sabata ino. Ndikawauza chiyani, kuti makoswe anaitanidwa kuphwando?" Adapumira m'mwamba. "Mukudziwa kuti mukanakhala chete palibe akanadziwa?"

"Ndikanadziwa ine, mayi."

A Dokotala adalemba mawu akuluakulu pamwamba pa lipotilo kuti n'losavomerezeka. Abusa adalandira kalata ya chenjezo tsiku lomwelo, ndipo kudali koyenera, pakuti kulapa sikufafaniza chilango. Za ntchito yawo adauzidwa kuti ayembekeze kufikira kuyesa kutabwerezedwa.

Makoswe ena atatu adasankhidwa. Ulendo uno Abusa adachotsa okha chakudya, nasesa khola, nakana kuyang'ana timaso tawo tofiira. M'mawa makoswe adamwetsedwa muyeso womwe uja. Ola lisadathe adayamba kunjenjemera ndi kupuma mobanika, ndipo dzuwa lisadafike pamutu awiri anali atauma. Abusa adawanyamula ndi manja awiri. Adazindikira kuti chifundo chawo chija sichidapulumutse khoswe ndi mmodzi yemwe, chidangoonjezera ena atatu pa mzere wa kapaipi.

Atayesanso ndi muyeso wocheperapo, lipoti lenileni lidatuluka. Mankhwalawo adaikidwa m'gulu la oopsa. Pa mgolo uliwonse padayenera kukhala chigaza ndi mafupa awiri opingasa, wogwira ntchito aliyense avale magolovesi, ndipo migoloyo izitsekeredwa.

Lolemba lotsatira a Dokotala adaitana antchito onse m'chipinda cha makoswe. Abusa adaima kumbuyo, poganiza kuti nthawi yotsanzika yakwana.

"Kuyambira lero," adatero mayiwo, atakweza kiyi m'mwamba, "kabati ya chakudya izitsekedwa tsiku lililonse losala. Kiyi azisunga Abusa."

"Aa, a Dokotala!" adafuula mkulu wina woyeza magazi, wodziwika ndi pakamwa. "Mukumusungitsa fisi mbuzi?"

"Fisi amene amabwera yekha kudzanena kuti wadya mbuzi, inu munamuonapo?" adayankha a Dokotala. "Mukampeza wina, mubwere naye, ndimulemba ntchito."

Chipinda chonse chidaphulika ndi kuseka, ena akuwomba m'manja. Abusa adalandira kiyi uja ndi manja awiri, pamodzi ndi pepala limodzi la chizindikiro chatsopano, limene a Dokotala adati akasunge.

Pofika kunyumba adaliyala pa tebulo. Akazi awo adaliyang'anitsitsa, napukuta manja pa nsalu.

"Chigaza ichi, bambo, chikufanana ndi inuyo tsiku lija la nsapato."

Abusa adaseka mpaka misozi. Kenaka adatenga burashi, napolisha nsapato zonse ziwiri, kamodzi kamodzi.