Thamanda M'mimba Mwanga

Ndinalota ndilinso kusikani, dokotala akundipaka mafuta ozizira aja pamimba. Pakanema panaoneka thamanda lakuda bii. Dokotalayo anabwereza zomwe anandiuza tsiku lija: "Si mwana, mayi, ndi chotupa chamadzi."

Kenako amuna anga anapinda thalauza n'kulowa m'thamandamo ndi kandowa. Ankatunga pang'onopang'ono kuti asandipweteke, madziwo n'kumathirira maluwa a pachitenje chimene apongozi anathamangira kugula ataona mimba yanga ikukula. Maluwawo ankanunkhira ngati mvula yoyamba. Kaya zikutanthauza chiyani.

M'mawa ndinawafotokozera amuna anga misozi ili m'maso. Anaika dzanja lawo pamimba panga.

"Kandowako kamadontha?"

"Ayi."

"Basi, mkazi wanga, ndiphwetsa thamandalo."