Buluku la Mwamuna Woimirira

Telala uja anali atasoka mabuluku zaka makumi atatu, moti mbuyo za amuna ankazidziwa kuposa eni ake. Ndiye mlongo wake wamng'ono, dalaivala wa lole, atalowa m'shopu n'kuyala magazini pamakina, mayiyo anangoponya diso kamodzi n'kudziwa kuti lero kuli ntchito.

Patsambalo panali mwamuna woonda ngati nsungwi, atatsamira khoma, buluku litamumata ngati lochita kupaka ndi bulashi, akakolo pamtunda, sokosi osavala. Mlongoyo anati akufuna lomwelo, osasintha kanthu. Lachisanu anali ndi mayeso a ntchito yoyendetsa bwana wa kampani ina, ndipo anzake anamuuza kuti mabwana amakono safuna dalaivala wooneka ngati thumba la makala. Ntchitoyo ankaifunadi. Lole inkamusowetsa pakhomo milungu itatu, mpaka mwana wake ankalira akamunyamula.

Telala anamuzunguliza tepi m'chiuno, nawerenga, nati sizitheka. Mlongoyo anakwiya. Anati achemwali atsalira, amasokabe za m'nthawi ya agogo, ndipo ngati zawakanika apita kwa telala wa tsidya la msewu. Mayiyo mumtima anali atalumbira kale kuti mwana wa mayi ake sakang'ambikira pamaso pa bwana iye ali moyo.

"Ndipezere mwamuna mmodzi wokhala pansi m'bukumu," anatero. "Mmodzi yekha. Ukampeza ndisoka."

Dalaivala ananyowetsa chala n'kuyamba kutsegula. Uyu waimirira. Uyu watsamira galimoto yomwe sakuyendetsa. Uyu akuyang'ana wotchi ngati wina wamuchedwetsa. Chakumapeto anampeza wina atakhala m'mphepete mwa tebulo, mwendo uli tantha ngati wa mupulasitala, dzanja lili pamimba.

Telala anavala magalasi. "Uyu wamasula batani. Dzanjalo likubisa."

Mlongoyo anati ndi nsanje chabe. Basi mayiyo anatsitsa katani yakale yamaluwa, naidula ndendende ngati pachithunzipo, naisoka mothamanga. Munthu analowamo mochita kudumpha, mpweya atausunga. Ataima pagalasi anadzikonda, maluwawo osawaona n'komwe. Pamenepo mchemwali wake anamukokera mpando wa pamakina, nati chopondera cha makinawo ndi kilachi ya galimoto, aponde.

Kukhala kokha kunatenga nthawi. Atati akweze bondo, kumbuyo kunamveka phwee! ndipo kamphepo kanalowa.

"Achemwali," anatero chapansipansi, "dulani mmene mukudziwira."

Nsalu yeniyeni telala anaidula masana omwewo, mlomo uli cholumira. Kuyambira m'mawondo kutsika anapanikiza ngati m'magazini, akakolo n'kuwasiya pamtunda kuti mwini wake asadandaule. Kumbuyo, kumene jekete limaphimba, anasiya malo okwana munthu wodya. Msoko wapakati anaubwereza katatu.

Lachisanu madzulo dalaivala anatulukira mawondo ali fumbi. Anati bwanayo buluku sanaliyang'ane n'komwe. Atazungulira naye pang'ono anangoloza tayala nati asinthe. Ananjuta, namasula, namanga, osamva phwee. Lolemba ayamba ntchito.

Zikomo sananene. Anangoti nsapato zamutupitsa matuza, koma amuna amakono amapirira. Mchemwali wake anatsegula dilowa n'kumugenda ndi sokosi.