Anabwera Kudzatenga Wesikoti

Mlongo wanga Prince anayamba kuvala zakuda chaka chimene anapeza ntchito yometa anthu ku Katete. Poyamba inali tisheti chabe, ndipo palibe anadandaula. Kenaka zinayamba kuwonjezekera. Thalauza yakuda yothina ngati anachita kumusokera m'thupi, jombo za zingwe zofika m'katumba, tcheni cholendewera mtanda waukulu, mphete ya chigaza cha munthu. Akabwera kumudzi agalu ankamuuwa, iye n'kumasangalala kuti ndiye kuti watchena.

Ine Alinafe ndine wamkulu wake, ndiye ndinali ndi ufulu womunena. Ndinkamufunsa kuti kodi wamwalira ndani. Iye ankangoseka.

"Sisi, ni sitayilo chabe. Ku Lusaka anyamata bonse bavala so. Imwe ba kumunzi simungamvese."

Zikatero ndinkangomusiya. Mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere, imufotere yekha.

Mwezi wa Okotobala chaka chathachi bambo athu, aSakala, anagonekedwa m'chipatala ku Katete. Miyendo inatupa, mpweya unkawavuta. Amene ankawadikirira anali mng'ono wawo, a Filimoni, chifukwa kuwodi ya amuna usiku kumafunika mwamuna. Ine ndi amayi tinkapita kukawaona n'kubwerera kumudzi kwathu, kufupi ndi Mkaika. Sabata imeneyo anali atayamba kupeza bwino. Ankamwa phala okha, ndipo anali atayamba kufunsa za mbewu ya mtedza, ngati tausenda kale. Tonse mitima inali itakhala pansi.

Lachisanu m'mawa Prince ananditumizira chithunzi pafoni. Anali ataima kutsogolo kwa galasi la kumalo ake ometera, atavala chikhoti chakuda chofika m'akakolo chimene anagula pa salaula, pamsika wa zovala zakaunjika, kolala yoimirira mpaka m'makutu, mabatani asiliva kutsika mzere. Pamutu chipewa chakuda. Zikhadabo anapaka zakuda, m'zikope namonso. Analemba kuti Loweruka madzulo kuli phwando ku Sinda, lolowa okhawo ovala zakuda, ndipo wotchena kuposa onse akamujambula. Chinkasowa chinali chimodzi, wesikoti, kamalaya kopanda manja kovala m'kati mwa jekete. Anafunsa ngati ija ya bambo inali ikadali m'sutukesi.

Wesikoti imeneyo si yamasewera. Bambo anali mkulu wa mpingo, ndipo ankaivala tsiku la Mgonero lokha, poyenda ndi mbale ya mkate m'mizere. Ndinamuyankha mawu awiri: usayerekeze dala. Iye ananditumizira kachithunzi ka munthu woseka.

Loweruka lake kunatentha moti ngakhale nkhuku zinali kukamwa yasa pansi pa nkhokwe. Dzuwa litapendeka, amayi angapo a Chigwirizano cha kumpingo anabwera kudzapemphera ndi amayi. Anakhala pamphasa pakhonde, mayi Olipa a kuseri kwathu ali pakati ndi buku la nyimbo. Ine ndinali chapambali, lichero pamiyendo, ndikusenda mtedza uja.

Kwathu kuno uthenga wa imfa sapatsa mkazi wa munthu pafoni. Amatuma munthu wa m'banja. Ameneyo amabwera wapansi, osathamanga, chipewa chili m'manja. Safuula odi. Amafika, n'kukhala pansi chapatali, n'kuwerama. Akatero wanena kale zonse, pakamwa n'pongotsirizira. Aliyense wobadwira kuno amazidziwa zimenezi ngati momwe amadziwira dzina lake.

Prince naye anabadwira kuno. Kungoti tsiku limenelo mutu wake unali ku Sinda.

Wanjinga yamoto amene anamutenga ku Katete anakana kulowa kanjira kathu chifukwa cha mchenga, ndiye anamutsitsira kumsewu. Kuchokera kumeneko anayenda wapansi. Jombo zinali zatsopano, zikumuluma zidendene, choncho ankayenda pang'onopang'ono, akukoka miyendo. Thukuta la m'chikhoti chija linasungunula zakuda za m'zikope, n'kutsetsereka m'masaya mizere iwiri. Atatulukira pa mtengo wa mango n'kuona amayi a mpingo ali pakhonde, anachita manyazi. Anavula chipewa mwaulemu. Odi anamukanika, poti akanayamba bwanji kupempha wesikoti pamaso pa anthu amenewo? Ndiye anapatukira pa nkhokwe, n'kukhala pansi, n'kuwerama kuti amasule zingwe za jombo.

Nyimbo inadukira pakati.

Ndikunena zoona, ngakhale ine amene ndinaona chithunzi chija, ndinakhulupirira kuti wabwera ndi uthenga. Ndinaona mwana wa bambo anga atachokera njira ya kuchipatala, wakuda kuyambira kumutu mpaka kuphazi, nkhope ili mizere, chipewa m'manja, atakhala pa dothi osayankhula. Lichero linagwa, mtedza n'kumwazika.

Amayi anaimirira pang'onopang'ono. Anamasula chitenje n'kuchimanganso m'chiuno mothina. Kenaka anaika manja kunkhongo.

"Mayo ine! Mwamuna wanga ine! ASakala mwandisiya ndi yani ine!"

Mayi Olipa analandira pomwepo, anzawo aja n'kutsatira. Prince anadzutsa mutu, chingwe cha jombo chili m'manja, maso ali tong'o. Iye ankaganiza kuti uthenga wafika iye ali m'njira, ndiye naye anayamba kulira mokweza, kuitana adadi, adadi. Apa ndiye panalibenso wokayika.

Ine nzeru zinabwerera mochedwa. Ndinathamangira pamene anakhala, n'kumugwira kolala ija.

"Wachokera kuchipatala?"

"Iyayi, nachoka ku shopu."

"Nanga wadzatani?"

"Wesikoti, sisi."

Ndinamumenya mbama. Sindinamenyepo munthu chiyambire, koma tsiku limenelo dzanja linapita lokha. Ndinatembenuka n'kuyamba kukuwa kuti bambo ali moyo, siyani, ali moyo! Koma mawu a munthu mmodzi angamveke bwanji pakati pa maliro? Kulira kunali kutadumpha kale mpanda. Kunamveka kwa mayi Olipa, kenaka kutsidya kwa dambo, kenaka kumjigo. Azimayi ankabwera akuthamanga, akumanga mipango m'njira. Wina anandikumbatira n'kumandiuza kuti ndilimbe mtima, mwana wamkulu sakana imfa ya bambo ake. Anyamata anathyola nthambi n'kukaika pamsewu. Azibambo anayamba kufika ndi zipika za nkhuni pamapewa, n'kumaziunjika pakati pa bwalo, poti pamaliro moto sugona.

Zinatha mdima utayamba kugwa, pamene ndinakwera pachulu pomwe foni imagwira bwino, n'kuimbira a Filimoni, n'kuitana akuluakulu kuti adzamve okha. A Filimoni anati akulu awo ali moyo. Koma anawonjezera kuti tachita zoipa kwambiri.

Pano ndi pamene tinamva zimene zinachitika kuchipatala. Uthenga unali utafika kale kwa azakhali athu ku Vubwi, ndipo iwo anaimbira a Filimoni akulira. A Filimoni khutu limawavuta, foni amaiika pa sipika nthawi zonse. Anali atakhala pambali pa bedi, kapu ya phala ili m'manja. Choncho bambo anamva ndi makutu awo mlongo wawo akufunsa ngati thupi lilowa kumotchale kapena tinyamula usiku womwewo, ndi kuti bokosi tigula kuti.

Anthu anabalalika mwakachetechete. Chimene chinandiopsa n'chakuti palibe anatsanzika. Ankangonyamuka mmodzimmodzi n'kumapita, monga momwe timachokera pamaliro enieni. Nthambi za pamsewu anakachotsa. Koma nkhuni zija palibe anatenga. Ndinapempha mwamuna wa mayi Olipa kuti atengeko chipika chake, iwo anapukusa mutu.

"Nkhuni za pamaliro sizibwerera kunyumba, mwanawe. Zisiyeni pomwepo."

Zinakhala pomwepo pakati pa bwalo, mulu wofika m'chiuno.

Prince ku Sinda sanapite. Foni yake inkangolira m'thumba la chikhoti, mnzake Humphrey akufunsa kuti ali pati, zinthu zayamba. Amayi sanamukalipire. Zikanakhala bwino akanamukalipira. Anangomuyang'ana kuyambira ku jombo mpaka kukolala, n'kunena motsitsa kuti, "Malodza amenewa wawatengera pakhomo pa bambo ako." Atatero analowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

M'mawa mwake tinakwera minibasi ya ku Katete, ine ndi iye. Ndinamubwereka malaya achikasu a kwaya a mwamuna wanga, aakulu ngati thumba la feteleza. Nkhope anasamba ndi sopo mpaka kufiira. Koma zakuda za m'zikhadabo zinakana. Njira yonse ankazipala ndi lezala, ndipo zinkangochoka pakati, m'mbali n'kutsala.

Tinapeza bambo atagona choyang'ana kukhoma. Phala la dzulo linali pa kabati, litagwira khungu pamwamba. A Filimoni anatinong'oneza kuti chichokereni foni ija sanalawe kanthu, ngakhale madzi. Anamwino anayesa, abusa anayesa. Iwo ankangoyankha kuti zikomo.

Prince anagwada pambali pa bedi. Chinyanja chake cha m'tauni chinathawa, anayankhula ngati mwana wa kumudzi.

"Bambo, ndine Prince. Ndinalakwa ine. Palibe amene anafuna kukulirani. Anthu anangoona zovala zanga."

Bambo anatembenuka movutikira. Nkhope yawo inali yofatsa, ndipo kufatsa kumeneko n'kumene kunandiopsa.

"Ndamva kuti kunabwera anthu ambiri," anatero.

"Anabwera molakwitsa, bambo."

"Amayi ako analira?"

Prince anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana pansi.

"Analira," anatero Prince.

"Nkhuni anabweretsa?"

Bambo anagwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa kuti katundu wake wakwera kale m'galimoto.

Ndinatenga kapu ya phala latsopano limene ndinabwera nalo m'fulasiki, n'kumupatsa Prince. Iye anatunga ndi supuni, n'kufikitsa pakamwa pawo.

"Imwani pang'ono chabe, bambo. Mtedza tasenda. Mvula ikagwa mukadzale nokha."

Bambo sanatsegule pakamwa. Anagwira dzanja la Prince, supuni ili momwemo, n'kulitembenuza. Anayang'ana zikhadabo zija nthawi yaitali, chala chimodzichimodzi.

"Kodi unapita kukatani kumudzi, utavala choncho?"

Ndinamuponda phazi kuti aname. Anene kuti anapita kukaona amayi, anene chilichonse. Koma Prince, ndi uchitsiru wake wonse, bambo ake sanawanamizepo.

"Ndimafuna kubwereka wesikoti yanu. Kunali phwando ku Sinda."

"Ija ya Mgonero?"

"Ee."

Bambo anatseka maso. Ndinkayembekeza kuti akwiya, ndipo ndinkapemphera kuti akwiye, chifukwa munthu wokwiya amakhala akadali ndi ntchito pa dziko. Koma anangomwetulira pang'ono, n'kusisita dzanja la mwana wawo.

"Inali yako kale imene ija. Ukanangodikira pang'ono, mwana wanga."

Atatero anatembenukiranso kukhoma.

Prince sanachoke pachipatala kuyambira tsiku limenelo. Malo ometera anatseka. Ankagona pansi pa bedi, ankawasambitsa, ankabwera ndi phala, nthochi, maheu, chilichonse chimene anamva kuti wodwala amalandira. Ankawauza kuti amayi akubwera, ndipo amayi anabweradi, n'kugwada, n'kupepesa kuti analira munthu wamoyo. Bambo anawauza kuti palibe mlandu, analira bwino. Koma pakamwa sanatsegule.

Anamwalira sabata isanathe, m'mawa, Prince atapita kukatunga madzi otentha. Adokotala anati unali mtima, ndipo unali utafooka kalekale. Ine ndinapita kusukulu, ndimawakhulupirira. Koma ndinaonanso ndi maso anga munthu amene ankafunsa za mbewu Lachinayi atasiya kufunsa Lamulungu.

Ulendo uno uthenga anabwera nawo a Filimoni. Amayi atawaona akutulukira pa mango paja, chipewa m'manja, sanakuwe. Misozi yokuwa anali atagwiritsa kale ntchito. Anangolowa m'nyumba n'kuyamba kutulutsa mipando. Madzulo ake azibambo anakoleza moto pabwalo, ndipo palibe amene anafunika kupita kukatema nkhuni.

Pamaliro ponse Prince anali m'malaya achikasu aja. Abale a m'tauni anabwera ndi masuti akuda, amayi a Chigwirizano ndi masiketi awo akuda, iye yekha akuwala pakati pawo ngati duwa la dzungu. Anthu ankamulambalala. Palibe anamunena, koma palibenso anakhala naye pafupi.

Tsiku logawa zovala za malemu litafika, tinakhala pamphasa pabwalo, sutukesi ili pakati. A Filimoni ankatulutsa chimodzichimodzi n'kutchula woti atenge. Jekete, nsapato, malaya oyera, chipewa cha kumunda. Pansi penipeni panali wesikoti ija, yopindidwa bwino m'pepala la pulasitiki, ikununkha mankhwala a njenjete. A Filimoni anaikweza m'mwamba, koma dzina linawakanika.

Amayi ananyamuka, n'kuilandira, n'kuyenda nayo mpaka kumapeto kwa mphasa kumene Prince anakhala yekha. Anaiika pamiyendo pake.

"Bambo ako anati ndi yako. Vala tione."

"Amayi, chonde."

"Vala. Unaiyendera ulendo wautali."

Anaimirira, misozi ikugwera pa nsalu. Analowetsa mkono umodzi, kenaka winawo, pamwamba pa malaya achikasu aja. Anamanga mabatani onse mpaka lomaliza, ndi zala zimene m'mbali mwa zikhadabo munali mukadali zakuda.

Inamukwana ngati telala anachita kumuyeza.