Mlendo wa Lamulungu

Chizuru ankasintha maluwa pambali pa mtsuko wa mafupa a bambo ake pamene mchimwene wake Noboru anayambitsanso nkhani ija.

"Amayi, nyumba ino simungaikwanitse nokha. Alipo anthu akufuna malowa. Tiyeni ku Osaka, chipinda chilipo."

Mayi awo anayatsa lubani. Pachithunzi, bambo awo, malemu a Tadokoro, anali ndi nkhope yomwe ija imene osewera mpira wa besibo ankaiopa. Unyamata wawo wonse anathera atanyonyomala kumbuyo kwa omenya mpira, akuwakha mipira yaukali mpaka maondo anatha. Kenako anakhala mphunzitsi wamkulu wa timu. Koma Chizuru ankangowadziwa ngati munthu wofika ndi chikwama n'kuchokanso mawa lake.

"Achimwene, maliro sanazizire n'komwe," anatero Chizuru.

"Ndiye uziwasamala ndiwe? Iwe wobwera pa Chaka Chatsopano pokha?"

"Inuyo mumabwera kangati?"

"Ine pano sindichoka," mayi awo anadula motsitsa mawu. "Mawa ndi Lamulungu. Kubwera munthu."

M'mawa mwake panafika bambo wina waimvi, wamapewa akuluakulu. Noboru anamuzindikira, nanong'oneza mlongo wake kuti ndi a Mizoguchi, amene kale ankaponya mpira m'timu ya bambo awo. Tsiku lina mpira wawo unamenya womenya m'mutu, ndipo munthuyo sanasewerenso. Kuyambira pamenepo mkono unkawakanira, mpaka a Tadokoro anawachotsa m'timu.

Mlendoyo anagwada, nayatsa lubani, nawerama nthawi yaitali. Atadzuka anatulutsa mpira wakuda ndi dothi m'thumba.

"Mayi, ndabwera kudzaubweza," anatero. "Wondiwakhira palibenso."

Chizuru anayang'ana mayi ake.

"Bambo anu anawachotsa chifukwa inali ntchito," anatero mayiwo. "Koma ankati munthu asasiyane ndi mpira ali ndi mantha. Ndiye Lamulungu lililonse akakhala pakhomo, ankapita nawo kuseri kuja kukawawakhira mpira. Zaka zonsezi. Chaka chino bambo anu ankachita kutsamira ndodo, ndipo akamaliza tinkawadzutsa awirife."

"Bwanji sanatiuzepo?" anafunsa Noboru.

"Akanati chiyani? Bambo anu ndi pakamwa?"

Mayiwo analowa kuchipinda, nabwera ndi golovesi yaikulu yachikopa yowakhira mpira ya malemuwo, yong'ambika m'mbali. Anaima nayo pakati pa ana awo. Noboru anayang'ana pansi. Chizuru anaona kuti mkwiyo umene anausunga kuyambira ali mwana ukusowa pogwira. Analandira golovesiyo. Mkati mwake zala za bambo ake zinali zitasiya njira zokhotakhota, ndipo zake zinasochera momwemo.

Kuseri kwa nyumba udzu unali utatha pamalo awiri oyang'anizana. Chizuru ananyonyomala pena, siketi yakuda ikukhudza dothi.

"Chemwali, ndikupwetekani," anatero a Mizoguchi.

"Ponyani."

Mpira unapita kumbali, nukagunda mpanda. A Mizoguchi anagwetsa nkhope. Noboru anavula jekete, nauthamangira, naubwezera kwa mwiniwake.

"Mpira ukakhala woipa usanene kanthu," mayi awo anamuuza Chizuru ali pakhonde. "Bambo ako ankangomenya golovesi ndi chibakera, n'kunena mawu amodzi basi: winanso."

Chizuru anakunga chibakera, namenya chikopacho. Chinalira mouma.

"Winanso," anatero.