Mizere Inayi pa Simenti

Pikapu yathu inayamba kukokera kumanja mwezi womwe ndinatenga laisensi, ndipo amuna anga sanavutike n'kufufuza. Anati galimoto yomwe yayenda mowongoka zaka khumi ndi zisanu singangoyamba misala payokha. Anachotsa makiyi pamsomali wa kukhitchini n'kuwaponya m'thumba la buluku lawo, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ine ndimaweta nkhuku za mazira. Makiyi atapita ndinayambiranso kumanga mathileyi ndi mphira n'kumakwera nawo minibasi, nditawakumbatira ngati khanda. Sabata yoyamba yokha ndinaswa thileyi ndi theka, ndipo mayi wa golosale amene amanditenga mazira ambiri anandiuza mosapsatira kuti ndikapitiriza kuchedwa ayamba kugula kwa ena.

Chomwe chinkandidya mumtima n'chakuti amuna angawo sankalakwitsa kwenikweni. Ndinaombadi. M'mawa wina, pokhota pageti la kumene ndimagula chakudya cha nkhuku, tayala lakumbuyo lakumanzere linagunda simenti ya m'mphepete mwa ngalande, mano mpaka kuombana m'kamwa. Ndinatsika, ndinazungulira galimoto, sindinaone chophwanyika, ndipo sindinauze munthu. Komabe mutu unkandizungulira: tayala lakumbuyo lingapotoze bwanji chiwongolero chomwe chili kutsogolo? Mwina si ine, ndinkadzitonthoza choncho.

Loweruka amuna anga anati tipite limodzi kugalaja kuti ndikadzimvere ndi makutu anga. Makaniko wake ndi bambo wamkulu, wa imvi m'ndevu, amene aliyense amangomutchula kuti a Tione, chifukwa chilichonse chomwe ungawauze amayankha mawu amodzi omwewo. Galaja yawo ndi chishedi cha malata, pansi pa simenti yosalala, pakona pali mpando wakale wa basi wokhalapo makasitomala. Ine sindinakhalepo. Ndinkafuna kuona.

Amuna anga anafotokoza matenda onse: kuti ukasiya chiwongolero galimoto imathawira kumanja, kuti pamsewu wowongoka chiwongolero chimakhala chopendekera kumanzere, ndiponso kuti zonsezi zayamba pamene anthu ena anaphunzira kuyendetsa. Anthu enawo ndinali nditaima pambali pawo, chikwama chili m'khwapa.

“Tione,” anatero a Tione.

Anayamba ndi mpweya. Tayala limodzi lakutsogolo linali lofewerapo, anapopa, anazungulira ndi galimoto kuseri kwa mashopu, n'kubwera akupukusa mutu. Kenako anasinthanitsa matayala akutsogolo, lakumanja kupita kumanzere. Nditafunsa chifukwa chake, anandiyang'ana ngati akudabwa kuti wina wafunsa, n'kundiuza kuti tayala likakhala lolakwa limasamuka ndi mlandu wake, galimoto imayamba kukokera mbali inayo. Anazunguliranso. Inkakokerabe kumanja.

Anaikweza pajeke n'kugwira tayala ndi manja awiri, kuligwedeza uku ndi uku khutu lili pafupi. Anandiuza kuti ndikwere ndizigwedeza chiwongolero pang'onopang'ono, iwo atagona pansi, dzanja lili pazitsulo zolumikiza chiwongolero ndi matayala. Kanali koyamba kuchigwira chiwongolerocho patatha masabata atatu, ndipo sindibisa, ndinachisowa. Atatuluka anati kulobodoka kulipo pang'ono, koma n'kwa ukalamba chabe, ngati mawondo awo. Anakunga chingwe m'mbali, anayeza, analemba ndi choko pamatayala, n'kunena kuti kutsogolo kulibe mlandu.

Amuna anga anati ndiye kuti galimoto ikunama. A Tione anatenga ndowa, anatunga madzi pampopi, n'kuwakhuthula pasimenti kutsogolo kwa pikapu. Ine ndinkangoti akufuna kukolopa. Anakwera, anadutsa pamadzipo pang'onopang'ono mpaka kukafika kumapeto kwa shedi, n'kutiitana kuti tione pansi.

Matayala onyowa anali atajambula mizere. Anatifunsa kuti ilipo ingati. Ndinawerenga inayi. Anati galimoto yabwino ikamayenda mowongoka, akumbuyo amaponda pafupifupi momwe mwadutsa akutsogolo, koma apa akumbuyo onse awiri ankatsetserekera kumanzere, kudzipondera njira yawoyawo. Galimoto yathu inkayenda chammbali ngati galu wothamanga, ndipo kutsogoloko kunkangolimbana ndi zochita za kumbuyo. Funso langa lija linayankhidwa.

Anatenga tepi, anandigwiritsa nsonga yake pakati pa tayala lakutsogolo, iwo n'kukokera pakati pa lakumbuyo. Mbali yakumanzere inali yotalikirapo ndi zala ziwiri. Analowa pansi ndi masipanala, anamenya, anatukwana dzimbiri, ndipo patapita nthawi anatuluka ndi kabawuti kothyoka pakati. Anati kameneka kamamanga masipuling'i pamodzi, ndipo mutu wake umakhala m'kabowo ka pachitsulo chachikulu cholumikiza matayala akumbuyo. Kakathyoka, chitsulocho chimasuntha, tayala n'kubwerera m'mbuyo. Kanthu kosaposa chala changa ndi komwe kanandikweza minibasi.

“Bambo, taonani apa pothyokapa,” anatero a Tione. “Dzimbiri ili si la mwezi uno. Mng'alu uwu unayamba kalekale. Mumanyamula chiyani?”

Amuna anga ndi mmisiri womanga nyumba. Anati mchenga pang'ono, nthawi zina njerwa, simenti matumba owerengeka. Ine ndinatsokomola. Pikapu imeneyo ndaiona kambirimbiri ikutuluka pageti kumbuyo kukukhula pansi, mphuno ili m'mwamba, eni ake akuimba mluzu. A Tione anati katundu wotere amadya bawuti pang'onopang'ono mwiniwake osadziwa. Amuna anga anakanda m'mutu, anayang'ana kudenga, n'kuyamba kufotokoza za kuipa kwa misewu. Ndinamva kukoma, sindinama.

Mlandu unali utandithera bwino. Koma ine ndinali nditaima pafupi, ndipo ndinaona kuti chala chachikulu cha a Tione chaphimba mbali imodzi ya pothyokapo. Atachisuntha pang'ono, ndinaona kachigawo kakang'ono kowala ngati supuni yatsopano. Anandiyang'ana kamodzi n'kubwezerapo chala. Mkuluyo anali atadziwa, ndipo anali wokonzeka kungozisiya choncho. Ndikanangotseka pakamwa. Koma vuto langa n'lakuti chinthu ndikachiona sindigona mpaka ndichimvetse.

“Nanga powalapo, bambo?” ndinafunsa.

Anachotsapo chala chija. “Pamenepo ndi pomwe panatsala, mayi. Pathyoka posachedwa, kamodzi n'kamodzi. Tayala limenelo linagunda chinthu.”

“Ndine,” ndinatero. “Ngalande ya pageti la chakudya cha nkhuku. Mwezi watha.”

A Tione anayesa kuzimitsa moto. Anati kaya ndikanaomba kaya ayi, bawutiyo sikanamaliza chaka. Ataona kuti palibe akuwamvera, anapita kukasaka ina m'chitini cha mabawuti. Amuna anga sanakalipe, ndipo ine ndikanakonda akanakalipa. Anakhala pampando wa basi uja nthawi yonse imene a Tione ankabweza chitsulo m'malo mwake n'kumanga. Atamaliza, a Tione anayezanso ndi tepi, mbali zonse zinafanana. Anazungulira nayo, anabwera akuyendetsa ndi chala chimodzi, anazimitsa injini n'kutambasula dzanja, makiyi ali lende pakati pa ife awiri.

Amuna anga sanawalandire. Anazungulira n'kukakhala mbali ya wokwera, ine n'kutsala nawo m'manja. Ndinatuluka pagalajapo mosamala, ndipo pamsewu chiwongolero chinakhala chilili pakati, osandilimbitsa mkono. Ndinkafuna kusangalala, koma m'galimotomo munali zii.

Titadutsa mashopu anayankhula, maso ali pawindo.

“Zoombazo si nkhani, mayi a ana. Inenso ndaombapo kangati? Koma masabata atatu athunthu kunyamula mazira pamanja, osandiuza. Mumandiopa chonchi?”

Ndinaganiza zowanamiza, kuti ndinangoiwala. Koma ndinali nditanena kale zoona kamodzi tsiku limenelo.

“Eya,” ndinatero. “Ndimakuopani.”

Ndinawaona akupukuta nkhope ndi chikhatho, kawiri, ngati munthu wotuluka m'fumbi. Tinayenda choncho mpaka kunyumba, ndipo titafika anatsika okha kukanditsegulira geti.